Njinga ikuwira pamtunda wa Thabwa koma fani ili duu, ndiyambire pati?

Wa Masola ku Nchalo:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanatayenso ndalama pachabe. Ndili ndi Kawasaki KLR650 ya 2006, ija ya silinda imodzi yozizira ndi madzi. Ndinaigula chaka chatha kwa mkulu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ine ntchito yanga ndi yoika masola ndi kukonza mapampu a madzi m'midzi ya kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, moti njingayi ndiye miyendo yanga. Sabata iliyonse imameza fumbi la ku Ngabu ndi Bangula, nthawi zina mpaka kutsidya ku East Bank, ndipo kawiri pamwezi ndimakwera nayo ku Limbe kukaoda mawaya ndi mabatire.

Nyengo yozizira yonse sinandivutepo. Zayamba mu Okutobala muno. Amene munakhalako ku Chigwa cha Shire mukudziwa kuti mwezi uno dzuwa la kuno silicheza ndi munthu, masana kumapitirira madigiri 40, njinga ukaisiya pamtetete mpando wake sungaukhalire.

Lachiwiri lapitali ndinanyamuka ku Nchalo mochedwa, cha m'ma 10 koloko. Msewu wonse wathyathyathya uja, kudutsa pa Dyeratu mpaka pa mlatho wa Kamuzu, ndikuyenda 90 kapena 100, singano ya geji ya kutentha kwa injini inali pakati ngati masiku onse. Nditangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera, ndinapezeka ndili kumbuyo kwa thiraki yodzaza ndi shuga, ikukwawa ngati kamba. M'makona amene aja kupitirira galimoto n'kudziitanira maliro, ndiye ndinangoleza mtima, giya thu, pena giya wani. Sipanathe mphindi khumi, ndikayang'ana geji singano yatsamira kofiira, miyendo ikumva moto ngati ndakhalira mbaula.

Ndinakhotera pambali pamalo paja anthu amaima n'kumaonera chigwa, n'kuzimitsa. Mkati mumamveka kubwadamuka ngati mphika wa nyemba, kathanki kosungira madzi kaja kakulavula pansi, nthunzi ili tolotolo. Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti fani ya radiyeta inali duu. Kale ndikaima pamalo otentha ndinkaimva ikulira ngakhale nditachotsa kiyi, kenako n'kusiya yokha. Tsiku limenelo zii. Nditaganiza bwino ndinapeza kuti papita masabata angapo ndisanaimveko.

Ndinadikira pafupifupi ola lathunthu, n'kuwonjezera madzi a m'botolo langa lakumwa, n'kupitiriza. Msewu utatseguka cha ku Milare singano inatsika. Kufika mu Limbe, pamzere wa maminibasi, yayambiranso kukwera. Pobwerera madzulo, kutsetsereka kokhakokha, panalibe vuto.

Makaniko wina kuno anangomva nkhaniyi n'kugamula kuti gasiketi ya kumutu, ija yotchinga pakati pa mutu wa injini ndi silinda, yapsa, tiphwasule injini, ndipo mtengo umene ananditchulira ndikhoza kugulira mbuzi ziwiri zabwinobwino. Njingayo sanaigwire n'komwe. Wina akuti tichotse thermostat basi, kachida kaja kotsegulira madzi njira ya ku radiyeta injini ikafunda, ati kuno kotentha ilibe ntchito.

Zimene ndaona ndekha ndi izi. Oyilo ali pamlingo wake ndipo mtundu wake sunasinthe. Mapiko a fani ndikawakankha ndi chala akuzungulira bwino. Mafyuzi awiri a pansi pa mpando ndawayeza ndi mita, onse ndi amoyo. Madzi ndimawonjezera pafupipafupi, mwina kapu imodzi pasabata, koma pansi pomwe ndimaimika sindiona podontha. Za magetsi ndimazidziwa pang'ono, koma za injini ndine mlendo. Ndiyambire pati? Loweruka likudzali ndikuyenera kukweranso, kasitomala akudikira invetala yake.

Shapa wa pa Kameza:

Aise, ichi n'chifukwa chake ife timakakamira Boxer, radiyeta yathu ndi mphepo ya Mulungu, sidontha, sifuna fyuzi. Koma zanuzo n'zosavuta. Anyamata a njinga zamatayala atatu zonyamula katundu zija amangotenga waya kuchokera ku batire kupita ku fani, n'kuika kaswichi pa chiwongolero. Ukaona kuti kwatentha wadina, kwazizira wadinanso. Thermostat nayo itayeni, imangotsekereza madzi. Theka la ola mwamaliza, Loweruka mwakwera.

Madala wa Sipanala, Ndirande:

Achimwene a ku Nchalo, injiniyo musalole munthu aitsegule kaye. Nkhani yanu yomweyi yanena kale theka la yankho. Njinga imene imazizira ikamathamanga n'kumatentha ikamakwawa kapena ikaima, vuto lake loyamba limakhala mphepo. Pa liwiro la 90 mphepo ikudzilowera yokha m'radiyeta, fani ilibe ntchito. Kumbuyo kwa thiraki pa giya thu injini ikugwira ntchito ya ndawala koma mphepo kulibe, apo ndiye fani iyenera kulowererapo. Ikanakhala kuti imatentha muli pa liwiro, bwenzi ndikukuuzani zoyamba ndi pampu kapena thermostat.

Tsono fani kuti izungulire pamafunika zinthu zinayi zigwirizane: moto wochokera ku batire kudzera pa fyuzi, relay (kachida kamene kamatsegulira fani moto), swichi imene imamva kutentha kwa madzi, ndi mota ya faniyo. Inu ndi munthu wa mita, muziyeza chimodzichimodzi, musagule kanthu musanapeze chakufa.

Yambani ndi mota. Zulani pulagi ya fani, mutenge mawaya awiri mulumikize ku batire mwachindunji. Ikalira mwamphamvu, mota ilibe mlandu. Ikalira mwaulesi kapena mpaka muikankhe ndi chala, mabulashi atha kapena yalowa matope. Kuzungulira ndi chala kokha kumene mwanenako sikutsimikiza kanthu, mota yopsa nayo imazungulira bwinobwino.

Kenako pitani pa swichi. Ili pa radiyeta penipenipo, yomangidwa ngati bawuti, ndipo pa njinga yanuyo ili ndi waya mmodzi. Ntchito yake ndi kulumikiza wayayo ku bodi madzi akayandikira madigiri 100. Ndiye inu chitani ntchito yakeyo ndi manja: zulani wayayo mumugunditse pa chitsulo cha injini. Chala chikhale kutali ndi mapiko. Fani ikalira, ndiye kuti fyuzi, relay, mota ndi mawaya onse ali bwino, mlandu watsala ndi swichi kapena madzi amene swichiyo ikuyenera kumva. Mukamva kuti relay yachita "tha" koma fani osazungulira, moto sukudutsa mkati mwa relay kapena waya wopita ku fani waduka. Mukapanda kumva kalikonse, bwererani kumbuyo muone ngati 12 volts ikufika pa relay. Ndipo mwati mwayeza mafyuzi awiri. Fani imene imalira kiyi atachotsedwa imakhala ndi fyuzi yakeyake, ifuneni.

Ikadzayamba kulira, ikani kapepala kutsogolo kwa radiyeta. Kakamamatira, fani ikukoka mphepo momwe iyenera kuchitira. Kakamauluka, wina anatembenuza mawaya ndipo fani ikulimbana ndi mphepo ya pamsewu. Ndakumana nazo kangapo pa njinga zodutsa m'manja ambiri.

Za kaswichi ka pa chiwongolero zimene wanena mnyamata wa pa Kameza, monga chofikira kunyumba tsiku limodzi sindingakane, inenso ndinachitapo. Koma monga mankhwala ayi. Tsiku lina mudzaiwala kuyatsa muli pakati pa Limbe maso ali pa maminibasi, injini n'kupsa, tsiku lina mudzaiwala kuzimitsa, m'mawa batire ili gwa. Thermostat nayo musaitaye musanaiyeze. Iphikeni mumphika muone ngati ikutseguka madzi asanawire. Ikamatseguka ilibe mlandu, ndipo mukaichotsa injini izichedwa kufunda, izidya mafuta ndi kudzidya yokha m'mawa uliwonse. Sikuti masiku onse ndi Okutobala, mu Juni mudzafuna kupita ku Dedza.

Koma chimene chandikhalitsa tcheru ndi kapu ya madzi pasabata imene mwangoitchula modutsa. Njinga yabwino simwa madzi chotero. Akupita kuti, ndipo amene mumathirawo ndi madzi anji?

Wa Masola ku Nchalo:

Madala, zikomo kwambiri. Ndaweruka msanga lero n'kuchita zimene munanena. Mota ndailumikiza ku batire, yalira mpaka nkhuku kubalalika. Kapepala kamamatira, ndiye mbali imeneyo ili bwino. Koma waya wa swichi nditamugunditsa pa injini, zii, ngakhale ka "tha" ka relay osamveka. Pa relay ndayeza, moto sukufika. Batire payokha ikuonetsa 12.6, ndikaliza injini ikukwera kufika 14, ndiye vuto si kutchaja. Fyuzi yachitatuyo ndaifuna pansi pa mpando ponse, kumbuyo kwa nyali, sindikuiona, ndipo mdima wandipeza.

Funso lanu la madzi landichititsa manyazi. Ndimathira a pamjigo. Pomwe ndagwira ntchito tsiku limenelo ndi pomwe ndimatunga. Nditaigula njingayi munali madzi obiriwira a coolant, mankhwala oziziritsira injini aja, panopa ndasuzumira m'kathanki muja, ali ngati tiyi wopanda mkaka.

Mnyasa wa ku Germiston:

Amwene, ine ndili ndi yofanana ndi yanuyo, ya 2004, ndimapita nayo kuntchito kuno tsiku ndi tsiku. Fyuzi ya fani pa njinga zimenezi siili pansi pa mpando. Pitani kudzanja lamanja, kumene kuli kathanki kosungira madzi, muchotse chipulasitiki cha m'mbali. Mupeza kachibotolo kakang'ono kali pa waya, mkati muli fyuzi ya galasi ya 10 amps. Malo ake ndi oipa, madzi a mvula ndi matope a tayala lakutsogolo zimafikapo, ndiye nthawi zambiri fyuzi imakhala yamoyo koma timano togwira fyuziyo tachita dzimbiri. Musangoiyang'ana ndi maso, yezani mbali zonse ziwiri ili momwemo.

Koma ndikuuzeni mosabisa, ngakhale mukonze fyuzi, ndi madzi a pamjigo a ku Chikwawa simunathane nazo. Kwathu ndi ku Ngabu, ndikuwadziwa madzi amenewo, mijigo ina ngakhale sopo sachita thovu, tiyi amamveka mchere. Onani mkati mwa ketulo ya kunyumba kwanu momwe mwayangira zoyera zija. Timipata ta m'radiyeta ndi tating'ono kuposa mpopi wa ketulo, ndipo radiyeta ndi mutu wa injini ndi za aluminiyamu, mchere umazidya. Mwakhala mukuphika madzi amenewo chaka chathunthu, madzi n'kumauluka, mchere n'kumatsala, inu n'kumawonjezera wina.

Chinanso chimene anthu ambiri sachiganizira ndi chivindikiro cha radiyeta. Si chotsekera wamba ngati cha botolo. Chili ndi sipuling'i ndi labala, pamwamba pake palembedwa 1.1, kutanthauza mphamvu ya mpweya imene chimasunga mkatimo. Madzi wamba pamalo otsika ngati ku Nchalo amawira pa madigiri 100. Mukakwera ku Blantyre, mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, amawira cha pa 97. Kuno ku Johannesburg, komwe n'kokwera kuposa apo, amawira cha pa 94. Chivindikiro chabwino chimakankhira malire amenewo kufika cha m'ma 120, ndipo mukasakaniza theka madzi theka coolant mumawonjezeranso madigiri ena angapo. Tsono taganizani: swichi ikudikira madzi ayandikire 100 kuti iyatse fani, koma chivindikiro chatha labala, madzi anu opanda coolant akuwira kumutu kwa injini asanafike n'komwe pamenepo, n'kuthawira m'kathanki, kathanki n'kulavula mumsewu. Kapu yanu ya pasabata ndikukayikira kuti imathera pamenepo, n'chifukwa chake pakhomo simuona podontha.

Onjezani ichi. Swichiyo ili cha m'munsi mwa radiyeta, kumene madzi amafika atazizirako, pomwe geji imamva kutentha kumutu kwa injini. Radiyeta ikatsekeka, madzi akamayenda mwaulesi, kumutu kumapsa koma pansi pa radiyeta pali pofunda chabe. Geji ikukuwa, swichi ili m'tulo, ndipo swichiyo sinalakwe. Anthu amagula swichi yatsopano, vuto osatha. Injini ikatentha muzimitse, muyendetse dzanja mosamala kutsogolo kwa radiyeta kuchokera pamwamba kutsika. Kutentha kuzichepa pang'onopang'ono. Mukapeza chigawo chozizira pakati pa zotentha, mipata ya pamenepo yatsekeka.

Potsuka mkati gwiritsani viniga woyera wosakaniza ndi madzi, mulize injini ifunde, muzimitse, zizizire, mukhuthule, kenako mutsukuluze kangapo mpaka madzi atuluke oyera. Wina asakunamizeni za caustic soda, imadya aluminiyamu. Pothira omaliza gulani madzi osungunulidwa aja othira m'batire, ndikunena madzi, osati asidi, muwerenge botolo. Njinga yonse imalowa lita imodzi ndi pang'ono chabe, si ndalama yoti munthu n'kudandaula. Thirani pang'onopang'ono, muzifinya mapaipi kuti mpweya utuluke, mulize injini chivindikiro chili chotsegula kwa kanthawi, muwonjezere, ndiye mutseke. Mpweya ukatsalira mkati muyambiranso kuona singano ikuvina.

Mayi a Mphatso, Zomba:

Ine za mawaya sindilowererapo, bambo a kunyumba ndiwo amakonza yathu. Ndingokupemphani bambo a ku Nchalo kuti madzi obiriwirawo, akale ndi atsopano omwe, musawasiye m'beseni pabwalo. Amatsekemera koma ndi poizoni, amawononga impso. Ife galu wathu anapita chifukwa cha beseni limene linasiyidwa kuseri kwa khitchini usiku umodzi wokha. Otsala musawasunge m'botolo la Fanta kapena la Sobo pamene pali ana. Ndipo chivindikirocho musamatsegule injini ili yamoto, ndinaonapo mkono wa munthu wosupuka khungu kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono.

Madala wa Sipanala, Ndirande:

Wa ku Germiston walasa. Ndingowonjezera za gasiketi, poti makaniko wanu uja akhoza kukhala kuti analota zoona mwangozi, injini ikawira kangapo gasiketi imatha kupsadi. Kuyeza kwake sikulira sipanala. M'mawa injini ili yozizira, tsegulani chivindikiro, dzazani madzi mpaka pakhosi, lizani injini muziyang'ana. Tithovu tiwiri titatu poyamba ndi mpweya wotsalira. Koma thovu likamatuluka mosalekeza, n'kumachuluka mukaponda moto, utsi wa mu silinda ukulowa m'madzi. Onaninso ngati paipi yapamwamba ikuuma gwa injini isanafunde, ngati ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wosatha, ndi ngati kuseri kwa chotsekera oyilo kuli zoyera ngati chambiko. Zonsezi zikapanda kuoneka, mbuzi zanu ziwiri zisungeni.

Pansi pa pampu ya madzi pali kabowo kakang'ono. Kayang'aneninso. Mukaona mzere woyera kapena wadzimbiri kuchokera pamenepo, silo ya pampu, ija yotchinga madzi kuti asadonthe, yayamba kutopa.

Wa Masola ku Nchalo:

Akuluakulu, ndabwera kudzapereka lipoti. Loweruka lija sindinakwere, kasitomala ndinamupepesa, ndinati bola anditukwane kusiyana n'kukankha njinga ya makilogalamu oposa 150 pa Thabwa.

Fyuzi ndinaipeza pomwe ananena achimwene a ku Germiston. Nditatsegula kachibotolo kaja ndinaseka ndekha. Fyuzi inapsa kalekale, ndipo wina, kaya mwini wake woyamba kaya makaniko wake, anaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu n'kubwezeramo. Kapepalako ndiko kamayendetsa fani chaka chonsechi, mpaka kanadyeka n'kusanduka ufa, timano tonse tobiriwira. Ine amene ndimakalipira makasitomala tsiku ndi tsiku kuti asamange fyuzi ya sola ndi waya, ndakhala ndikuyenda pa pepala la ndudu osadziwa. Ndinadula chonsecho n'kuikapo chogwirira fyuzi chotsekeka bwino, cha mtundu umene ndimaika pa mabatire a sola, ndi fyuzi ya 10 amps. Ndinayezanso moto umene fani ikukoka poopa kuti mwina chinapsereza fyuzi yoyamba chikadalipo, koma ili pansi pa 10 bwino lomwe. Kugunditsa waya wa swichi pa injini, relay "tha", fani yalira.

Ndinasangalala msanga. Ndinaisiya ikulira pamthunzi wa mtengo wa nimu kuti ndione ngati fani iyaka yokha. Singano inadutsa pakati, kupitirira, kuyandikira kofiira, kathanki kayamba kudzaza, fani osayaka. Ndinazimitsa n'kupapasa radiyeta monga munanenera. Pamwamba sipogwirika, koma mbali yakumanzere kutsika m'munsi ndimatha kusiyapo dzanja osamva kanthu. Apa ndiye ndinakhulupirira kuti matenda anali awiri, wina kubisala kumbuyo kwa mnzake.

Lamulungu tikuchokera kutchalitchi ndinaitsitsa radiyeta yonse. Kunja kokha kunali nkhani. Kutsogolo imaoneka yoyera chifukwa ndimaitsuka, koma kumbuyo, makamaka kuseri kwa fani, timapiko tonse tinali titamatidwa ndi dothi lamakande la ku East Bank, louma ngati njerwa, pamodzi ndi mankhusu ndi ziwala zakufa. Nditaiyang'anitsa kudzuwa kuwala kumadutsa malo owerengeka. Ndinainyika m'beseni, n'kuitsuka kuchokera kumbuyo ndi madzi a paipi opanda mphamvu, timapiko topindika ndimawongola ndi kamtengo ka machesi. Zinanditengera maola awiri. Mkati ndinachita za viniga zija kawiri, zimene zinatuluka sindikufuna kuzikumbuka, zinali ngati phala la mawere losakaniza ndi mchenga woyera. Ndinatsukuluza kasanu.

Thermostat ndinaiphika ndithu. Mita yanga ili ndi kawaya koyezera kutentha, ndiye ndinaimangirira pa ulusi kuti isagunde pansi pa poto. Inayamba kuyasamula cha pa madigiri 70, madzi asanawire inali itatseguka yonse. Yabwerera m'malo mwake. Swichi nayo ndinaiyeza mumphika momwemo, inalumikiza madzi atatsala pang'ono kubwadamuka, ndiye nayonso ndi yamoyo, chikhala ndinamvera mtima wanga bwenzi nditagula ina pachabe. Vuto n'lakuti poto ndinatenga wa tiyi wa mayi a kunyumba. Mlandu umenewo sunathe mpaka lero, ndalamulidwa kugula wina, ndipo uyu wasamukira m'bokosi la zida.

Chivindikiro labala yake inali yong'aluka malo awiri, youma ngati chikopa cha ng'ombe. Ndinatuma mlamu wanga amene amayendetsa minibasi ya Nchalo ndi Blantyre, ndinamupatsa chakalecho kuti akafananize, anabwera ndi cha 1.1 chokwana bwino pamodzi ndi coolant ndi madzi osungunulidwa. Mayi a ku Zomba, madzi akale ndinawathira m'chigubu chotseka n'kulembapo ndi penti, ali pamwamba m'stolo, ana sangafikire. Mayeso a thovu a Madala ndinachita m'mawa wa Lachiwiri: tithovu tingapo poyamba, kenako madzi ali phee ngakhale ndiponde moto. Oyilo ndi woyera, utsi palibe. Makaniko uja ndinakumana naye pamsika, anandifunsa kuti tiitsegula liti, ndinangoti ndikusonkhanitsabe ndalama.

Dzulo ndiye ndinakwera, ndipo ndinachita dala kunyamuka 11 koloko dzuwa lili paliwombo. Mwayi wake pa Thabwa ndinapezanso thiraki, ya simenti kaya ya chiyani, ndipo ulendo uno sindinafune n'komwe kuipitirira, ndinakhala kumbuyo kwake dala ngati mwana wa sukulu. Singano inakwera kudutsa pakati pang'ono, pa kona yachitatu ndinamva mphepo yotentha ikuwomba bondo lakumanzere, fani yayamba. Singano inaima pomwepo, kenako n'kubwerera. Mpaka pamwamba inayaka n'kuzima kanayi. Mu Limbe chimodzimodzi. Nditaima pa sitolo n'kuchotsa kiyi inapitiriza kulira kwa kanthawi, mlonda mpaka kundiitana kuti bwana mwaiwala kuzimitsa njinga. Madzi m'kathanki ali pomwe ndinawasiya.

Chatsala ndi kabowo ka pansi pa pampu kamene munanena, Madala. Mzere woyera ulipodi, ndipo m'mawa uno ndapeza kadontho kamodzi kobiriwira kakulendewera pamenepo, pansi sipananyowe. Kodi ndikhoza kuyenda nayo mpaka mvula itayamba ndikumayang'anira, kapena silo imeneyi ikayamba imatha mwadzidzidzi? Ndipo achimwene a ku Germiston, ngati mukubwera kumudzi pa Khirisimasi, mungandinyamulireko silo ya pampu ndi gasiketi yake? Ndalama ndipereka kwa abale anu ku Ngabu, ndimadutsako Lachinayi lililonse.